Mutu 5: Mafuta Ophikira pa Mabuleki

1. Njinga yolira

Njinga ya Rosie inali ndi vuto limodzi. Inkalira.

Sindikunena belu ayi. Belu lake linafa kalekale, njingayo idakali m'manja mwa amalume ake a Moffat a ku Thuchila. Chomwe chinkalira ndi mabuleki. Ukangowafinya, njinga inkakuwa kuti kwiii, mpaka agalu ogona kudzuka.

Rosie anali mtsikana wa Fomu 1. Ankakhala ndi mayi ake m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, m'munsi mwa phiri. Kuchoka pamenepo kukafika kusukulu yake yoyendera ndi makilomita khumi ndi awiri. Temu yoyamba yonse anayenda wapansi. Ankanyamuka kusanache, koma n'kukapezabe phunziro la masamu litatha, aphunzitsi akumudikira ndi chikwakwa kuti atchetche bwalo. Amalume ake atamva kuti mwana watsala pang'ono kuileka sukulu, anamubweretsera njinga yawo yakaleyo.

Msewu wochoka m'malaini umayamba wakwera chitunda chachitali, kenako n'kugwera ku mtsetse womwe anthu amautcha Pagwiritsa. Pansi pa mtsetsewo pali kamlatho ka matabwa kopanda zogwirira. Apa ndi pomwe njinga inkamuchititsa manyazi Rosie m'mawa uliwonse. Anthu othyola tiyi ankaweramuka, madengu ali kumsana, n'kumaseka.

"Patukani, ambulansi ikudutsa," ankatero.

Kusekedwako kunkamuwawa, koma chomwe chinkamusowetsa mtendere kwambiri n'chakuti sankadziwa chimene chikulira. Mwana ameneyu anabadwa ndi manja oyabwa. Ali Sitandade 5 anamasula wailesi ya mayi ake kuti aone pomwe mawu amatulukira, ndipo wailesiyo sinayankhulenso mpaka lero. Tochi nayo inaona zomwezo.

N'chifukwa chake tsiku lomwe njinga inafika, mayi ake anamukhazika pansi amalume ake ali pomwepo.

"Rosie, ndikuuze alongo anga akumva," anatero mayiwo. "Njinga iyi ndi ya sukulu basi. Si yopitira kumsika, si yoyendera anzako. Chachiwiri, manja akowo ndimawadziwa. Wailesi unaipha, ndinakhala chete. Tochi unaipha, ndinakhala chete. Koma njinga si wailesi. Wailesi ikawonongeka timangokhala osamva nyimbo, pomwe njinga ikawonongeka munthu amathyoka. Chikavuta upite nayo kwa okonza. Tsiku lomwe ndidzamve kuti wayeserapo ukatswiri wako, ibwerera ku Thuchila, iwe uyambirenso kuyenda wapansi. Sindidzabwereza mawu amenewa."

Rosie anavomera. Ndipo kunena zoona, anapirira milungu inayi yathunthu.

2. Mankhwala a Rosie

Loweruka lina m'mwezi wa Januwale kunacha ndi mvula yowaza. Mayi ake anali atapita kothyola tiyi. Rosie anatulutsa njinga pakhonde, n'kuigadabuza matayala m'mwamba. Mnzake Jessica, wa khomo lachitatu pa laini yomweyo, anakhala pa mtondo akudya mango.

"Iwe, si paja anakuletsa?" anafunsa Jessica.

"Anandiletsa kumasula. Ine ndikungoyang'ana."

Anazunguza tayala, n'kufinya buleki. Timalabala tiwiri tinapana limu, chitsulo chozungulira chija chomwe tayala limakhalapo. Kwiii. Anazunguzanso, nkhope ataiyandikiza pafupi. Limu linali ndi madontho a dzimbiri, monga zimachitira zitsulo zonse kwathu kuno komwe mvula simakata.

"Ndachipeza," anatero Rosie. "Labala akukhulana ndi dzimbiri. Jessica, ukukumbuka chitseko chathu chija mmene chinkalirira? Amayi anachitani?"

"Anadontheza mafuta ophikira ndi nthenga ya nkhuku."

"Chinaliranso?"

"Ayi."

"Nanga tcheni cha njinga chikamalira amathira chiyani?"

"Mafuta."

"Ndiye basitu. Chilichonse cholira chimafuna mafuta."

Mukamvetsera bwino, nzeru imeneyi ikumveka yoongoka ndithu. Jessica naye anagwedeza mutu mango ali kukamwa.

Rosie analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Anatola nthenga kuseri kwa khola. Anapaka timalabala tonse tinayi, kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako ananyowetsa kansanza n'kupukuta malimu onse awiri mpaka kuwala.

Atatha anaiimika njinga, n'kuikankha pabwalo. Anafinya mabuleki. Zii. Anafinyanso. Zii. Njinga inaima, komatu pabwalo la matope njinga yokankha imaima yokha, ndipo panalibe womuuza zimenezo.

"Lolemba akandisowa a madengu aja," anatero Rosie akuvina. "Ndikawadutsa mwakachetechete."

Mayi ake ataweruka masana, anapeza njinga ili m'malo mwake, kabotolo kali pa shelefu. Anamutuma Rosie ku Chitakale kukagula mchere, sopo ndi usipa. Popeza njinga inali ya sukulu basi, atsikana awiriwo anatsika wapansi, kudzera njira yachidule yodutsa m'nkhalango ya bulugamu.

3. Kwa Che Hashimu

Pafupi ndi siteji ya minibasi ku Chitakale, pansi pa mtengo, pankakhala Che Hashimu okonza njinga. Anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Rosie sankadutsa pamenepo osaima, ndipo iwo anamupatsa dzina loti Namafunso.

Tsiku limenelo anawapeza atangobwera koswali, akumata chubu cha mnyamata wa kabaza.

"Namafunso wafika," anatero Che Hashimu. "Lero tiyankha chiyani?"

"Lero ndilibe funso, Che Hashimu. Ndabwera kudzakuphunzitsani."

"Eya, tiphunzitse."

"Mabuleki anga aja asiya kulira. Ndawachiza ndekha."

"Wawachiza ndi chiyani?"

"Mafuta ophikira. Ndapaka malabala ndi malimu omwe."

Che Hashimu anaika chubu pansi. Mnyamata wa kabaza uja anayamba kuseka, koma iwo anamuyang'ana kamodzi, iye n'kuleka.

"Njingayo ili kuti panopa?"

"Kunyumba."

"Waikwera chipakireni?"

"Ayi."

"Tithokoze Mulungu. Khala apa, mwanangu, undimvere bwino." Anamukankhira kabenchi. "Pa njinga pali malo ofuna kuterera, ndipo pali malo ofuna kugwira. Tcheni chimafuna kuterera. Mkati mwa gudumu, momwe muli timipira tachitsulo, mumafuna kuterera. Mmenemo thira mafuta mmene ungathere. Koma buleki ntchito yake ndi kuluma limu. Iwe popaka mafuta waichotsa mano. Pamalo osalala uona ngati zili bwino. Ukangofika pa mtsetse, udzafinya mpaka zala kuwawa, gudumu likungodutsa.

"Kulira kuja sikunali matenda oopsa. Ndi dzimbiri ndi mchenga chabe, mwinanso labala anakhala mopendekeka. Ukanabwera nayo kuno ndikanakuonetsa pokhula, nthawi yochepa zatha. Ine njinga yolira sindiiopa, chifukwa ikundiuza kuti ikugwira. Ndimaopa yachete.

"Pa mtengo uno ndakhalapo zaka makumi atatu. Ndinaona mnyamata wogulitsa nkhuni, wamphamvu zake, yemwe anapukuta malimu ndi oyilo kuti asachite dzimbiri. Anatsika ndi mtolo kuchokera cha ku Chambe. Anamunyamula pa machira, ndipo mpaka lero amayenda chotsimphina. Ameneyo anali yekha pa njinga.

"Kufuna kudziwa si mlandu. Inenso ndinaphunzira ntchitoyi pomasula zinthu za eni ake. Koma usanakonze chinthu, yamba wafunsa kuti ntchito yake ndi yotani. Iwe unafunsa kuti chikulira n'chiyani, sunafunse kuti chikugwira ntchito yanji. Safunsa anadya phula. Ukafika kunyumba, malimu ukawatsuke ndi sopo ndi phulusa. Malabala omwa mafuta sachira, amenewo ndi otaya. Uikankhe wapansi mpaka kuno. Ndipo pasapezeke munthu woikwera, wamva? Kwathu kuno njinga sikhala ya munthu mmodzi."

Rosie anaimirira Che Hashimu asanatseke pakamwa.

"Jessica, tiye."

"Nanga usipa?"

"Tiye."

4. Pakhonde palibe njinga

Njira yomwe anatsika mu ola limodzi, pobwerera anaikwera chothamanga. Atatulukira m'malaini, Rosie anayang'ana pakhonde, kenako anasuzumira m'nyumba. Pomwe pankakhala njinga panangotsala mizere ya matayala.

Mayi ake anali panja ndi amayi ena atatu, onse nkhope zili zakugwa.

"Amayi, njinga ili kuti?"

"Atenga bambo a Madalo," anayankha mayi ake.

Bambo a Madalo ndi a Pilato, a khomo loyandikana nalo. Madalo anali mwana wawo wa zaka zitatu.

"Mwana watentha thupi kuyambira m'mawa, tsopano wayamba kukomoka," anapitiriza mayiwo. "Kiliniki ya pa esiteti yatseka, athamangira naye ku chipatala cha ku boma. Njinga yawo ilibe tayala, ndipo a kabaza akana kukwera kuno ndi matopewa. Anyamula mayi ake ndi mwana. Nanga mchere uli kuti?"

M'malaini muli lamulo lomwe silinalembedwe paliponse. Njinga sakaniza pa matenda ndi pa uthenga wa maliro. Mwini wake kaya alipo kaya palibe, amaitenga, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mayi a Rosie sanalakwe kanthu.

"Anyamuka nthawi yanji?" anafunsa Rosie.

"Posachedwapa. Ayenera kuti adakali pa chitunda, akukankha. Bwanji kodi?"

Jessica anamukokera pambali n'kumunong'oneza.

"Khala chete. A Pilato njinga amaidziwa, akaona kuti sikugwira aponda pansi. Palibe akudziwa kupatula ine, Che Hashimu ndi wa kabaza uja. Ukangoyankhula, njinga yapita. Ukufuna uyambirenso kutchetcha bwalo?"

Rosie anayang'ana mnzake. Anayang'ana mayi ake, omwe ankadikirabe yankho.

"Amayi," anatero mokweza kuti onse amve, "njingayo ilibe mabuleki. Ndapaka mafuta ophikira m'mawa uja. Che Hashimu akuti pa mtsetse singaime."

Mayi wina anagwira pakamwa. Mayi a Rosie sanakalipe. Anasolola foni pa lamba wa chitenje n'kuimbira a Pilato. Onse anaimva ikulira m'nyumba yoyandikana nayo, pomwe mwini wake anaiiwala pothamanga.

"Dula mu tiyi," anatero mayiwo. "Thamanga."

5. Pagwiritsa

Msewu umazungulira chitunda, koma munthu wodutsa m'mizere ya tiyi amaongoka. Kuipa kwake, tiyi amafika m'chiuno ndipo nthambi zake zodulira n'zakuthwa. Rosie analowa momwemo. Masamba onyowa anamunyowetsa mpaka m'khosi. Siketi inakodwa n'kung'ambika. Patapata mmodzi anatsalira m'matope, ndipo sanacheuke.

M'munda munalibe munthu, popeza onse anali ataweruka. Panalibe woti amutume patsogolo.

Atatulukira pamwamba, anawaona patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira. A Pilato anali atamaliza kukankha chitunda. Akazi awo anali atakhala kale pa kaliyala, mwana ali kumbuyo m'chitenje, mutu uli lende. A Pilato anaika phazi pa pedulo.

Rosie anatsegula pakamwa, koma mpweya unali utamuthera. Anakoka mpweya n'kuyesanso.

"Bambo a Madalo! Musatsike!"

Njinga inali itayamba kale kuyenda. Mayi a Madalo ndi omwe anamva, n'kuwagwira amuna awo pa malaya. A Pilato anafinya mabuleki kuti aime amve. Njinga sinaime. Anafinya onse awiri ndi mphamvu, koma inkangowonjezera liwiro.

Mwayi wake, pamenepo mtsetse unali usanapendekeke kwenikweni. A Pilato anatsitsa mapazi onse awiri, majombo akukhwekhwereza m'matope, n'kukhotetsera njinga m'mbali. Inakalowa mu tiyi n'kuima. Mayi a Madalo anagwada pansi atagwirira mwana kumbuyo. Palibe anavulala.

Rosie anafika akupuma movutika. A Pilato anali akuyang'ana manja awo. Kenako anawerama, n'kupititsa chala pa limu, n'kuchinunkhiza.

"Awa ndi mafuta ophikira," anatero.

"Ndapaka ndine."

"Iwe?"

"Inkalira. Ndimafuna isiye kulira."

Mayi a Madalo anaponya maso kumunsi, pa kamlatho kaja. Mvula ya kuphiri inali itadzaza mtsinje, madzi ofiira akumenya matabwa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anamangitsa chitenje cha mwana.

"Zokamba tikamba pambuyo," anatero a Pilato. "Mayi, tsikani wapansi, mwanayo mumugwiritse. Iwe gwira kaliyala kumbuyo, uzikoka."

Anatsika choncho pang'onopang'ono, mpaka kuwoloka mlatho. Kutsidya msewu ndi wosalala. A Pilato anakwezanso akazi awo, n'kumapalasa mosamala, pofuna kuima akuponda pansi. Rosie ankathamanga pambuyo, phazi limodzi lopanda nsapato.

Atafika pa tala, njinga yamoto ya kabaza inaima. A Pilato anakweza mayi ndi mwana, iwo n'kudzipanikiza kumbuyo. Njinga yakapalasa ija anamusiyira Rosie m'manja.

Rosie anaima pamenepo mpaka kabaza anazimiririka. Kenako anaitembenuza njinga, n'kuyamba kuikankha kubwerera kumtunda. Analira njira yonse, ndipo sanadziwe ngati akulirira Madalo kapena njinga.

6. Mawu sabwerera m'kamwa

Rosie anafika kumalaini dzuwa litapendeka. Laini yonse inali itamva. Ana omwe ankakonda kumuthamangira kuti awakweze anangoima patali. Jessica anali pakhonde ndi patapata uja m'manja, atamutsuka. Anamuika pansi, n'kuchoka mutu uli pansi.

Mayi a Rosie anamupatsa mwana wawo madzi osamba ndi chakudya. Anadikira mpaka atamaliza kudya.

Foni inalira. Anali a Pilato, atabwereka foni ya munthu wina kuchipatala. Mayi a Rosie anatsegula mawu kuti onse amve.

"Ndi malungo," anatero a Pilato. "Amuika diripi. Watsegula maso, wapempha madzi. Adokotala akuti tafika nthawi yabwino." Kenako anapitiriza. "Mayi a Rosie, mwanayo musamukalipire kwambiri. Ine pamtunda paja ndinapsa mtima, koma pano ndakhala ndikuganiza. Akanakhala wina akanangotseka pakamwa, ife bwenzi tili mu mtsinje. Njingayo musamulande."

"Ndamva, bambo a Madalo. Mwanayo achire."

Anatseka foni, n'kutembenukira kwa Rosie.

"Wawamva a Pilato, ndipo akunena zoona. Lero wachita zinthu ziwiri. Chachiwiricho ndakunyadira nacho, sindikubisa. Unadziwa chomwe utaye, koma unayankhula pamaso pa anthu. Akuluakulu ambiri sangathe.

"Koma choyambacho sichinafufutike. Ndinakuuza kuti chikavuta upite kwa okonza. Che Hashimu umawadutsa tsiku ndi tsiku, umawafunsa za dziko lonse. Funso limodzi lofunika ndi lomwe sunawafunse, chifukwa unkafuna ukawadabwitse. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ndipo taganiza, njingayo ndinaipereka ndine, ndi manja angawa. Ndinawauza kuti tengani, ndi yabwinobwino. Zikanachitika zija, ine ndikanawayang'ana bwanji anthu a laini ino? Ndikanalowa bwanji m'nyumba ya maliro?

"Usaganize kuti sindikudziwa kutalika kwa sukulu yako. Ndinkakuona mapazi atatupa. Mtima ukundiwawa kuposa iwe. Koma ndinayankhula pamaso pa amalume ako, ndipo ndikameza mawu anga lero, mawa ndikadzakuletsa chinthu china choopsa udzati amayi amangonena. Ndawaimbira kale amalume ako."

Rosie anayang'ana pansi. "Akuti chiyani?"

"Afika mawa m'mawa. Sabwera okha. Kuli munthu wa kabaza ku Thuchila yemwe wakhala akuwavutitsa kuti amugulitse njingayi. Akuti abwera naye adzaione."

Rosie anadzidzimuka. Iye ankayesa kuti njinga ikakhala kwa amalume ake mwezi umodzi kapena iwiri, mitima ikazizira n'kubwerera. Zogulitsa sanaziganizire.

Kenako anadzuka, n'kutenga beseni, sopo ndi phulusa la pa mbaula. Anagwada pambali pa njinga n'kuyamba kutsuka limu lakutsogolo.

"Ukutsukiranji poti ikupita?" anafunsa mayi ake.

"Kuti woitengayo asakagwe nayo. Malabala ndikawauza kuti asinthe."

Anatsuka, natsukuluza, n'kutembenukira ku gudumu lakumbuyo.

"Amayi."

"Ee."

"Lolemba mudzandidzutse folo koloko. Tili ndi mayeso a masamu piriyodi yoyamba."

Mayi ake anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndidzakudzutsa."

"Koma mawa amalume akafika, mundilole ndiyankhule nawo ineyo, munthu wa kabazayo asanaigwire."

"Udzawauza chiyani choposa zomwe a Pilato anena?"

Rosie anafinya kansanza, madzi a phulusa akuyenderera m'mikono.

"Sindinadziwe," anatero. "Koma mundilole."

Mayi ake anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Afika ndi minibasi yoyamba," anatero. "Ukawachingamire wekha pa tala."